KUTUMIZA MAFAYILO MWACINSINSI KUCOKERA PA KOMPYUTA INA KUPITA PA INZACE

Nkhani ino iri yokhudza nchito imene alembi a m'maofesi, aphunzitsi, anchito a m'zipatala ndi ophunzira a pa yunivesite amakumana nayo kawiri-kawiri. Nchitoyo ndiyo kutenga fayilo imene iri pa kompyuta yanu ndi kuika kope lace pa kompyuta ina ya kutali, kapena kuitanitsa ya kutaliyo kuti ibwere kwa inu. Tidzaphunzira kucita zimenezi mwa kulemba malamulo pa kiyibodi, pa malo amene m'Cingelezi amati command line, pamene palibe tizithunzi todinapo koma mzere umodzi wodikira mau anu. Ambiri amauopa mzere umenewu poyamba, koma mudzaona kuti lamulo limene tifuna siliposa adiresi ya pa envulopu kutalika kwace.

Kulemba lamulolo sikubvuta. Cimene cifuna nzeru ndi mafunso atatu amene munthu ali yense wotumiza katundu wamtengo wapatali amadzifunsa. Loyamba ndi ili: kodi pa njira pali wina amene angatsegule ndi kuwerenga? Laciwiri: kodi amene ndikumpatsa katunduyu ndiyedi mwini wace? Lacitatu: kodi katundu wafika wamphumphu? Funso loyamba makina amakuyankhirani okha. Laciwiri ndi lacitatu amasiyira inu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna.

NJIRA IMENE FAYILO IYENDAMO

Tiyerekeze kuti muli ku Chipata ndipo mwapatsira kalata munthu wa pa basi yopita ku Lusaka. Kalatayo idzapyola pa Katete, pa Petauke ndi pa Nyimba, idzaoloka mlatho wa Luangwa, ndipo pali ponse pamene basi yaima pali manja ndi maso a anthu amene simuwadziwa. Ngati kalatayo iri pepala lopinda cabe lopanda envulopu, wina angathe kuiwerenga ndi kuibwezera m'thumba, inu osadziwa kanthu. Fayilo nayonso iyenda motero. Igawidwa m'tizidutswa tating'ono-ting'ono, ndipo tizidutswato tipyola m'makina ambiri a eni osiyana-siyana: kabokosi ka Wi-Fi ka mu ofesi yanu, makina a kampani imene ikugulitsani intaneti, ndi makina a m'maiko ena ngati ulendo uli wotuluka kunja.

Mapulogalamu akale otumizira mafayilo anali ngati pepala lopinda lija. FTP inayamba mu 1971, ndipo lamulo la rcp linabwera mu 1983 pamodzi ndi Unix ya ku yunivesite ya California ku Berkeley. Masiku amenewo makompyuta olumikizana anali owerengeka ndipo eni ace anali kudziwana, cotero panalibe amene anaganiza zobisa kanthu. FTP inali kutumiza dzina la munthu, mau ace acinsinsi ndi fayilo yeniyeniyo poyera. Pamene intaneti inafalikira, mbala nazo zinalowa.

Mu 1995, pa Helsinki University of Technology m'dziko la Finland, panapezeka pulogalamu imene wina anaichera pa netiweki kuti izitola maina ndi mau acinsinsi a anthu pamene anali kupyola. Wofufuza wina wa pa yunivesiteyo, dzina lace Tatu Ylönen, analemba pulogalamu yothetsa bvutoli, naicha Secure Shell, mwacidule SSH. Anaitulutsa kwaulere mu July caka comweco, ndipo pamodzi nayo panali lamulo la scp, limene lilembedwa monga rcp koma liyenda mobisika. Dziko lathu la Zambia linali litalumikizidwa ku intaneti caka cimodzi cabe m'mbuyomo, mu 1994, kupyolera mu ZAMNET imene inabadwira pa University of Zambia. Mu 1999 gulu la OpenBSD linatulutsa OpenSSH, ndiyo imene muipeza lero pa Linux ndi pa macOS, ndiponso pa Windows kuyambira mu 2018.

Kodi SSH icita ciani? Makompyuta awiriwo akangokumana, apangana kiyi ya masamu ya ulendo umenewo wokha. Acita zimenezi mwa njira imene maziko ace anafalitsidwa ndi Whitfield Diffie ndi Martin Hellman mu 1976, njira yolola awiri kugwirizana pa cinsinsi cimodzi ngakhale wacitatu alikumva zonse zimene akambirana. Kucokera pamenepo ciri conse cimene cidutsa, mau acinsinsi pamodzi ndi fayilo, cisandulizidwa manambala opanda tanthauzo kwa wa pa njira. Kacidutswa kali konse kakhalanso ndi cizindikiro cace, kotero kuti wina akasintha ngakhale cilembo cimodzi, makina azindikira nadula kukambirana. Funso lathu loyamba layankhidwa.

ZOFUNIKA MUSANAYAMBE

Mufunika zinthu zinai. Coyamba ndi malo olembapo malamulo: pa Linux ndi pa macOS tsegulani Terminal, pa Windows tsegulani PowerShell. Caciwiri ndi adiresi ya kompyuta ya kutali, imene ingakhale dzina kapena manambala onga 192.168.1.20. Cacitatu ndi akaunti yanu pa kompyutayo, ndiko kuti dzina lolowera ndi mau acinsinsi. Cacinai, pa kompyuta ya kutaliyo payenera kukhala pulogalamu yolandira alendo, yochedwa sshd, ndipo ikhale ikugwira nchito. Kompyuta yolandira motero imachedwa seva. M'zitsanzo zathu seva tidzaicha likulu.example.com, ndipo akaunti tidzaicha mlembi. Maina amenewa ndi acitsanzo cabe, inu mudzaikapo anu.

LAMULO LA SCP

Lamuloli liri ndi mbali zitatu: dzina lace, kumene fayilo icokera, ndi kumene ipita. Mukakumbukira kuti kocokera kuyamba ndipo kopita kutsiriza, ndiye kuti theka la phunziro mwalidziwa kale. Kuti mutumize fayilo yochedwa lipoti.pdf, lembani motere:

scp lipoti.pdf mlembi@likulu.example.com:/home/mlembi/zolandira/

Taonani mbali yotsirizayo. Poyamba pali dzina la akaunti, kenaka cizindikiro ca @, kenaka adiresi ya seva, kenaka timadontho tiwiri tosanjikizana, ndipo pomaliza foda imene fayilo ikagoneramo. Mukadina Enter, seva idzafunsa mau acinsinsi. Polemba mauwo simudzaona kanthu pa galasi, ngakhale tinyenyezi. Musaganize kuti kiyibodi yafa: acita dala kuti woima kumbuyo kwanu asawerenge ngakhale kuculuka kwa zilembo.

Kuti muitanitse fayilo kucokera ku seva, tembenuzani mbali ziwirizo:

scp mlembi@likulu.example.com:/home/mlembi/mayeso.pdf .

Kadontho ka kumapetoko si kotsekera ciganizo iai. Katanthauza kuti "muno momwe ndiri", ndiko kuti foda imene muli kugwiramo nchito. Mukakasiya, lamulo lidzakana cifukwa silidziwa kopita.

Pali misampha itatu imene igwira oyamba kumene. Woyamba ndi kuiwala timadontho tiwiri tija. Mukatisiya, scp siidandaula konse: iganiza kuti mufuna kope pa kompyuta yanu yomweyo, nipanga fayilo yatsopano ya dzina lakuti mlembi@likulu.example.com. Inu mupita kunyumba mtima uli m'malo, pamene ku likulu kulibe cafika. Waciwiri ndi woopsa koposa: ngati kumene mutumizako kuli kale fayilo ya dzina lomwelo, scp iifafaniza ndi kuikapo yatsopano popanda kufunsa, ndipo yakaleyo simudzaipeza m'bini. Munthu amene wasokoneza kocokera ndi kopita angathe kutaya nchito ya mwezi wathunthu m'kamphindi, poika lipoti lakale pamwamba pa latsopano. Cifukwa cace werengani mzere wanu kawiri musanadine Enter. Wacitatu ndi wa maina. Pa Linux, Lipoti.pdf ndi lipoti.pdf ndi mafayilo awiri osiyana, ndipo dzina lokhala ndi mpata pakati liyenera kuikidwa m'zizindikiro zogwira mau, monga "lipoti la caka.pdf".

Lamuloli lilandiranso zilembo zoonjezera, zimene zilembedwa pambuyo pa scp, maina a mafayilo asanayambe. Cilembo -r cikopera foda yonse pamodzi ndi za m'kati mwace. Cilembo -p cacing'ono cisunga tsiku ndi nthawi imene fayilo inasinthidwa komaliza. Cilembo -P cacikulu ndi ca nambala ya khomo, limene m'Cingelezi amati port. SSH ilowera pa khomo 22, nambala imene Ylönen anaipempha mu 1995 cifukwa inali yopanda mwini pakati pa 21 ya FTP ndi 23 ya Telnet. Ngati woyang'anira seva anasamutsira khomolo ku 2222, mudzalemba scp -P 2222. Cilembo -C cifinya zotumizidwa kuti zicepe, ndipo cithandiza pa mafayilo a mau, koma pa zithunzi ndi mavidiyo sicipindula kweni-kweni pakuti anafinyidwa kale. Mukalemba -l 4000, scp siidzapitirira makilobiti 4000 pa sekondi, ndipo anzanu mu ofesi sadzadandaula kuti mwawatsekera intaneti. Zinthu zikakanika, -v ikuonetsani zonse zimene makina awiriwo alikukambirana.

KODI NDIYEDI MWINI WACE?

Tsono tafika pamtima pa nkhani yathu. Tsiku loyamba limene mulumikizana ndi seva, kompyuta yanu idzaima isanafunse mau acinsinsi. Idzalemba mau oyamba ndi "The authenticity of host", kutanthauza kuti siingatsimikize ngati kompyuta imene yayankha ndiyodi imene mufuna. Idzaonetsa mzere woyamba ndi SHA256 wotsatidwa ndi zilembo ndi manambala 43, nidzafunsa ngati mufuna kupitiriza. Anthu ambiri alemba yes maso ali kwina. Inu musatero.

Seva iri yonse iri ndi kiyi yaceyace, ndipo mzere uja ndi cidindo ca kiyiyo, monga cidindo ca cala ca pa citupa. Cifukwa cace ciri cofunika ndi ici. Tibwerere ku kalata yathu: mwaiika mu envulopu, mwamata bwino, yafika pa siteshoni ku Lusaka. Pafika munthu nati, "Ndine amene mwanditengera kalata," ndipo wa pa basi ampatsa osafunsa citupa. Kodi envulopu yathandiza ciani? Ndi mmenenso ziliri pa netiweki. Munthu amene ali ndi mphamvu pa Wi-Fi ya pa malo ogona alendo kapena pa malo odyera angathe kupatutsa ulendo wanu kuti ufikire pa kompyuta yace, imene idzadziyesa seva yanu. SSH idzabisa zonse mokhulupirika, koma idzazibisa pakati pa inu ndi mbalayo. Iye adzalandira mau anu acinsinsi ndi fayilo yanu, ndipo ngati ali wocenjera adzapitiriza zonsezo ku seva yeniyeni kuti inu musakayikire kanthu. Cimene sangathe ndi cimodzi cokha, ndico kuonetsa cidindo ca seva yeniyeni, pakuti kiyi yace alibe.

Motero pemphani woyang'anira seva kuti akupatseni cidindo coona. Iye acipeza polemba pa seva lamulo ili:

ssh-keygen -l -f /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub

Cidindoco cikufikeni mwa njira ina, yosiyana ndi imene mukuikayikirayo: akuwerengereni pa lamya, kapena akulembereni pa pepala. Yerekezani cilembo ndi cilembo. Pa OpenSSH yotuluka kuyambira mu 2019 mungathenso kulemba cidindo coonaco pa malo a yes, ndipo kompyuta idzayerekeza yokha nidzakana ngati zasiyana. Nchito imeneyi ndi ya tsiku limodzi cabe. Mukabvomera, kiyi ya sevayo isungidwa m'fayilo yochedwa known_hosts, m'foda yobisika ya .ssh, ndipo pa maulendo onse otsatira kompyuta yanu idzaiyang'ana yokha mwakacetecete.

Tsiku lina mungaone cenjezo la zilembo zazikulu lakuti "REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED", ndipo scp idzakana kupitirira. Kutanthauza kuti amene wayankha lero ali ndi cidindo cosiyana ndi ca amene munamdziwa kale. Kawiri-kawiri cifukwa cace ndi cosaopsa: seva anaikonza kuyambira pansi, kapena makina atsopano atenga adiresi ya akale. Koma inu simungadziwe zimenezo muli pa mpando wanu, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Imbani lamya. Woyang'anira akatsimikiza kuti kiyi inasinthadi, nakupatsani cidindo catsopano, pamenepo cotsani cakale ndi lamulo ili:

ssh-keygen -R likulu.example.com

Pa intaneti mudzapeza alangizi ena onena kuti muonjezere mau akuti StrictHostKeyChecking=no kuti mafunso otere asamakubvuteni. Kucita zimenezo kuli ngati kucotsa mlonda pa cipata cifukwa cakuti afunsa alendo maina.

MAKIYI M'MALO MWA MAU ACINSINSI

Seva nayonso ifuna kudziwa ngati inu ndinudi mwini akaunti. Mau acinsinsi ali ndi zofooka zace: anthu asankha osabvuta kukumbukira, agwiritsa nchito amodzi-modzi pa malo ambiri, ndipo seva iri yonse yoonekera pa intaneti igogodedwa usana ndi usiku ndi makina oyesa mau odziwika pa khomo 22. Njira yolimba ndiyo ya makiyi awiri apamodzi. Muwapanga pa kompyuta yanu motere:

ssh-keygen -t ed25519

M'foda ya .ssh mudzabadwa mafayilo awiri. Ya dzina lakuti id_ed25519.pub ndi yapoyera, ndipo mungaiyerekeze ndi loko. Ya dzina lakuti id_ed25519, yopanda .pub, ndi yacinsinsi, ndiyo kiyi yotsegulira lokoyo. Loko mungaupereke kwa ali yense ndi kuupacika pa zitseko zambiri, koma kiyi ikhala m'thumba mwanu. Pa Linux ndi pa macOS, lamulo lakuti ssh-copy-id mlembi@likulu.example.com lipacika loko wanu pa seva, m'fayilo yochedwa authorized_keys. Ngati muli pa Windows, perekani fayilo ya .pub kwa woyang'anira seva kuti aiikemo.

Kuyambira pamenepo, mukalemba scp, kompyuta yanu isaina ulendo umenewo ndi kiyi yacinsinsi, ndipo seva iyesa sainiyo ndi loko uja. Kiyi yeniyeniyo siicoka pa kompyuta yanu ngakhale kamodzi. Sainiyo igwira nchito pa ulendo umenewo wokha, cotero ngakhale wonyenga ailande sangakatsegule nayo kwina.

Popanga makiyi mudzafunsidwa mau otsekera kiyi yacinsinsi. Musadumphe funso limeneli. Laputopu ikabedwa, mau amenewo ndiwo adzacedwetsa mbala kufikira mutauza woyang'anira kuti acotse loko wanu pa seva. Fayilo yopanda .pub musaitumize pa imelo kapena pa WhatsApp, ndipo musaipereke kwa munthu ngakhale anene kuti ndi wa ku likulu, pakuti woyang'anira woona safuna kiyi yanu yacinsinsi. Pa Linux ndi pa macOS, SSH ikana kugwiritsa nchito kiyi imene anthu ena a pa kompyutayo angathe kuiwerenga, ndipo mankhwala ace ndi lamulo lakuti chmod 600 lotsatidwa ndi dzina la fayiloyo. Kwa inu oyang'anira maofesi, wanchito akasamuka kapena akaleka nchito, mzere wace mu authorized_keys ucotsedwe tsiku lomwelo, monga mmene mumalandira makiyi a ku sitolo.

MAGETSI AKAZIMA PAKATI PA ULENDO

Fayilo ya gigabaiti imodzi, pa intaneti ya mamegabiti 10 pa sekondi, itenga mphindi ngati 13. Magetsi akazima kapena netiweki ikaduka pa mphindi ya 12, scp siidziwa kupitiriza pamene inalekera. Iyambanso pa ciyambi, ndipo mabandulo anu apita pacabe. Pa mafayilo akulu ndi mafoda otumizidwa kawiri-kawiri, cida cabwino ndi rsync, imene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anaitulutsa ku Australia mu 1996. Iyo iyamba yayerekeza zimene ziri kuno ndi zimene ziri uko, nitumiza zokha zimene zisiyana. Iyenda m'kati mwa SSH, cotero zonse zimene taphunzira za cidindo ndi makiyi zigwiranso nchito pano.

rsync -avP zithunzi/ mlembi@likulu.example.com:/home/mlembi/zithunzi/

Cilembo a cisunga mafoda, masiku ndi zilolezo monga ziri, v cichula fayilo iri yonse imene yatumizidwa, ndipo P cionetsa pamene nchito yafika ndi kusunga fayilo yotsala pakati. Ulendo ukaduka, lembaninso lamulo lomwelo ndipo zimene zinafika kale sizidzatumizidwanso. Yang'anirani kamzere kopendekeka ka kumapeto kwa zithunzi/. Kakakhalapo, zitumizidwa za m'kati mwa foda. Kakasowa, itumizidwa foda yeniyeniyo, ndipo mudzapeza foda ya zithunzi m'kati mwa inzace. Samalaninso ndi mau akuti --delete, amene afafaniza ku seva ciri conse cimene kwanu kulibe. Musanawagwiritse nchito onjezerani -n, kuti rsync ingokuuzani zimene ikadacita popanda kukhudza kanthu. Pulogalamuyi iyenera kukhalapo pa makompyuta onse awiri, ndipo Windows siibwera nayo.

Pamene rsync palibe, pali sftp. Mukalemba sftp mlembi@likulu.example.com mulowa m'seva, mmene ls ionetsa mafayilo, put itumiza, get iitanitsa, ndipo reput ndi reget zipitiriza fayilo imene inadukira pa njira.

Dziwaninso kuti scp ya lero siiri monga ya kale m'kati mwace. Mu 2019 katswiri wa ku Finland, Harry Sintonen, anaonetsa kuti seva yoipa ikadatha kunyenga scp kuti ilembe pa kompyuta ya munthu mafayilo amene iye sanawapemphe. Bvutolo linakonzedwa, ndipo kuyambira pa OpenSSH 9.0 ya mu April 2022, scp iyenda mwa njira ya SFTP, ngakhale kuti kalembedwe ka lamulo sikanasinthe. Phunziro lace ndi lakuti mapulogalamu anu azikhala atsopano. Lamulo lakuti ssh -V likuuzani mtundu umene muli nao.

KODI YAFIKA YAMPHUMPHU?

SSH iteteza fayilo kuti isasinthidwe pa njira, koma siingaletse magetsi kuzima kapena disiki ya seva kudzala. Fayilo yoduka ikhala ndi dzina lomwelo ndipo ioneka ngati yabwino kufikira tsiku limene muifuna. Kuti mutsimikize, lembani pa kompyuta yanu:

sha256sum lipoti.pdf

Mudzaona mzere wa zilembo ndi manambala 64. Kenaka lowani m'seva ndi lamulo la ssh, mulembe zomwezo pa kope limene lafika. Mizere iwiriyo ikafanana, mafayilo ndi amodzi. Kusiyana kwa kadontho kamodzi m'fayilo kusintha mzere wonse. Pa macOS lamuloli ndi shasum -a 256, ndipo pa PowerShell ndi Get-FileHash. Musafafanize fayilo yoyambirira musanacite zimenezi.

Pali zina zimene SSH siibisa, ndipo ndi bwino kuzidziwa. Wa pa njira sawerenga za m'kati, koma aona kuti kompyuta yakuti yalankhula ndi yakuti, pa nthawi yakuti, ndi kuculuka kwa zimene zadutsa. Ndiponso envulopu ija itsegulidwa pofika: fayilo igona pa seva poyera monga inaliri kwanu. Ngati iri ndi malipiro a anchito, zotsatira za mayeso a ana kapena mbiri ya odwala, iikeni m'foda imene oyenera okha angathe kutsegula, ndipo makope osafunika muwafafanize. M'dziko lathu lamulo la Data Protection Act la mu 2021 lipereka udindo kwa onse osunga mbiri za anthu kuti azisamale, cotero nkhaniyi si ya luso lokha iai, koma ndi ya lamulonso.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Owerenga athu, tisonkhanitse zimene taphunzira. Polemba scp, kocokera kuyamba ndipo kopita kutsiriza, timadontho tiwiri tisaiwalike, ndipo fayilo ya dzina lomwelo ifafanizidwa popanda funso. Pa ulendo woyamba yerekezani cidindo ca seva ndi cimene mwalandira mwa njira ina, ndipo cikasintha imbani lamya musanacotse cakale. Gwiritsani nchito makiyi otsekedwa ndi mau, ndipo kiyi yacinsinsi isacoke pa kompyuta yanu. Pa mafayilo akulu sankhani rsync, ndipo potsiriza yerekezani mizere ya sha256sum.

Musayambe ndi mafayilo a ku nchito. Pangani kafayilo kopanda phindu, mukatumize, mukaitanitse, musiye dala timadontho tija kuti muone cimene cicitika. Mukafuna kudziwa zambiri, pa Linux ndi pa macOS lembani man scp, ndipo buku lonse la malangizo lidzatseguka pa galasi lanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphindi ziwiri zowerenga cidindo ndi zocepa poziyerekeza ndi miyezi yokonza zimene mbala yaononga.